Maluwa achitsulo pa makonde a ku Australia: zolemba za ulendo

Lolemba, Carlton, Melbourne

Tulo tandisokonekera. Kuno nthawi ili patsogolo ndi maola 9, ndiye pamene ku Ndirande akupakula nsima yamadzulo, kuno kumakhala kutatsala pang'ono kucha. Mwana wanga wati mankhwala ake n'kuyenda padzuwa, osagona masana, choncho titangomwa tiyi wandikokera mu Drummond Street, kufupi ndi kumene amachita lendi.

Chondibweretsa ndi mwambo wake wolandira digiri, koma munthu wowotcherera zitsulo akafika kwachilendo maso amathamangira pa geti ndi pa windo. Kuno maso akakamira pa khonde. Nyumba za mumsewu umenewu n'zogundizana khoma ndi khoma, zopapatiza, zambiri zosanja, ndipo iliyonse ili ndi khonde pansi ndi lina pamwamba. M'munsi mwa denga la khonde mwadutsa mzere wa maluwa achitsulo. Pamene nsanamira yakumana ndi denga pali kachidutswa ka pangodya kopiringizika. Khonde lam'mwamba alitchinga ndi mapanelo ofika m'chiuno, odzaza masamba, mphesa ndi timizere topotana. Eni dziko amazitchula kuti lesi, ndipo ukaima kutsidya kwa msewu umaonadi ngati nsalu yoluka imene wina wapachika.

Ndinayandikira mpanda wa nyumba ina kuti ndione pamene analumikiza. Palibe chipsera cha moto ngakhale chimodzi. Panelo lonse ndi chinthu chimodzi, ndipo lotsatira lake n'lofanana nalo mpaka kamtsempha ka tsamba. Apa ndiye kuti palibe anapinda chitsulo ndi nyundo. Ichi ndi chitsulo chosungunula n'kuthira m'chikombole, chomwe chija cha miyendo ya makina osokera a Singer imene matelala amandibweretsera ikathyoka. Mapanelowo anangowamanga ndi mabawuti ku mtanda wathabwa pamwamba ndi wina pansi.

"Bambo, tiyeni, anthu aziyesa mukuyeza nyumba yoti mudzabe usiku," anatero mwana wanga. Ndinamvera, koma pofika kumapeto kwa msewu ndinali nditajambula makonde ambiri kuposa nkhope yake, ndipo wadandaula.

Lachiwiri, msika wa Queen Victoria

Msika umenewu unatsegulidwa mu 1878 ndipo mpaka lero ndi msika weniweni, wa nyama, nsomba ndi ndiwo zamasamba, anthu akukuwa mitengo. Mango ali pa nyengo ngati kwathu. Mtengo wake sindiunena, mungandiseke kuti ndinagula.

Chimene ndinaimira nthawi yaitali ndi mashopu akale a m'mbali mwa msikawu. Makonde ake amaphimba njira yonse ya oyenda pansi, nsanamira zachitsulo zitaima m'mphepete mwa msewu. Pa ena, pakati pa maluwawo pali chizindikiro cha mzinda wa Melbourne: ubweya wa nkhosa, ng'ombe, namgumi ndi chombo. Kale misewu yambiri ya malonda inali chonchi, munthu n'kuyenda mtunda wautali osapsa ndi dzuwa, osanyowa ndi mvula.

Makondewo anapita kuti? Khonsolo ya mzinda inalamula kuti agwetsedwe. M'zaka za m'ma 1950, pokonzekera mpikisano wa Olimpiki wa 1956, akuluakulu ankaona makonde a nsanamira ngati zinthu zachikale zochititsa manyazi pamaso pa alendo, komanso ankati magalimoto aziwomba nsanamirazo. Ambiri anaphwasulidwa, chitsulo chake n'kupita kwa ogula zitsulo zakutha. Munthu amene anadzivutitsa kuyenda ndi kamera kujambula zimene zinatsala sanali mmisiri wa nyumba ayi, anali dokotala wa matenda a ubongo ndi mitsempha, E. Graeme Robertson. Mabuku ake a zithunzi anayamba kutuluka mu 1960, ndipo anathandiza kuti anthu ayambe kuona kuti akutaya chinthu.

Ine nkhani ya magalimoto ija sindikuimvetsa bwino. Woyendetsa akawomba nsanamira imene yaima phee, wolakwa ndi nsanamira?

Lachitatu, Carlton Gardens ndi Tasma Terrace

Lero linali tsiku la mwana. Mwambo unachitikira mu Royal Exhibition Building, chinyumba chimene anamangira chionetsero cha mayiko onse cha 1880. Nyumba ya malamulo yoyamba ya dziko la Australia anaitsegulira momwemo mu 1901, ndipo mu 2004 UNESCO inachiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Atatchula dzina la mwana wanga anthu anangowomba m'manja mwaulemu. Mayi ake akanakhalapo, denga lija likanamva nthungululu.

Titajambulitsa tinatsetsereka wapansi kupita ku Parliament Place kukaona Tasma Terrace, mzere wa nyumba zosanja zimene anajambula Charles Webb, zoyamba kumangidwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1870. Boma linafuna kuzigwetsa cha m'ma 1970 kuti pakhale maofesi, anthu anakana, ndipo bungwe losunga zakale la National Trust linadzakhazikitsamo likulu lake. Maluwa ake ndi a utoto wozama, osati oyera. Ndaphunzira kuti poyamba ambiri ankapakidwa mitundu yozama, wobiriwira kapena wofiirira. Zopaka zoyera zinachuluka pambuyo pake, nyumbazi zitayambanso kukondedwa.

Ndalama zonsezi zinachokera pansi. Golide anapezeka mu 1851. Chaka chimenecho chigawo cha Victoria chinali ndi anthu pafupifupi 77,000, koma pofika 1861 anali ataposa 500,000. M'zaka za m'ma 1880 ndalama zangongole zochokera ku Britain zinasefukira, malo n'kumakwera mtengo mwezi ndi mwezi, ndipo omanga ankagula mzere wa mapuloti, kumanga nyumba zisanu kapena khumi zofanana, n'kugulitsa. Kuti mzere wako uoneke wapamwamba kuposa wa mnzako sunkafunika kulemba mmisiri wosula miyezi itatu. Unkatsegula buku la zitsanzo la fakitale, kuloza nambala, ngolo n'kubweretsa. N'chifukwa chake kanyumba ka wantchito ka zipinda ziwiri kali ndi maluwa ofanana ndi a nyumba ya mwini banki, kusiyana kuchuluka kokha.

Phwandolo linatha mu 1893 pamene mabanki ambiri anatseka zitseko. Ntchito yomanga itadzayambiranso, fashoni inali itasamukira ku makonde a matabwa osemedwa.

Lachinayi, kufakitale

Tsiku limene ndinkaliyembekeza. Mnzake wa mwana wanga anatipezera mwayi wokaona kafakitale kena kunja kwa mzinda kamene kamathirabe maluwa amenewa, ena okonzera nyumba zakale, ambiri a nyumba zatsopano zomangidwa mwachikale. Kuno anthu amamanga nyumba ya chaka chino, ya galaja ya magalimoto awiri, n'kuipatsa khonde la malata opindika kutsogolo ndi lesi yake, kuti izioneka ngati ya agogo.

Nditangolowa ndinaseka ndekha. Ntchito yake ndi yomwe ija ya anzathu othira mapoto kumsika wa Ndirande: bokosi la magawo awiri, mchenga wosakaniza ndi dongo wonyowetsa pang'ono, chitsanzo kuchikwirira, kusinja mchenga mpaka ulimbe, kutsegula, kuchotsa chitsanzo mosamala, kuboola njira yolowera chitsulo ndi yotulukira mpweya, kutseka, kuthira. Chikazizira umaswa mchenga. Chikombole chimagwira ntchito kamodzi basi, chokhalitsa ndi chitsanzocho.

Bambo wachikulire amene amayang'anira ntchito anatitengera kuchipinda cha zitsanzo, ndipo m'menemo ndi mmene muli chuma cha kampani. Zapachikidwa khoma lonse, chilichonse ndi nambala yake. Zoyambirira zinkasemedwa pa thabwa, ndipo wosemayo ankayenera kudziwa zinthu ziwiri zimene wosema ziboliboli sazidera nkhawa. M'mbali mwa tsamba lililonse muyenera kupendekeka pang'ono kuti chitsanzo chituluke mumchenga osaugumula. Ndipo chitsanzo chiyenera kukula pang'ono kuposa chinthu chimene ukufuna, poti chitsulo chikamazizira chimafota, pafupifupi sentimita imodzi pa mita. Nkhani ya kufotayi imavutitsa okonza nyumba zakale. Munthu amabwera ndi panelo lakale kuti mum'thirire lina lofanana, inu n'kugwiritsa ntchito lakalelo ngati chitsanzo, latsopano limatuluka lochepera, mabowo a mabawuti osagwirizana. Mukakopera kuchokera pa lokopera kale, mitsempha ya masamba imayamba kufufutika. Anandionetsa awiri pambalimbali, lakale lakuthwa ngati lasemedwa dzulo, linalo ngati sopo wogwiritsidwa kale ntchito.

Masiku ano ambiri amathira aluminiyamu. Amasungunuka pa madigiri 660 pamene chitsulo chothira chimafuna cha m'ma 1,200, amalemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chitsulo, ndipo sachita dzimbiri lofiira lija. Utoto wake ndi waufa, amauwaza n'kuuwotcha mu uvuni. Koma ali ndi khalidwe lake: ukam'manga ndi bawuti yachitsulo wamba pamalo ponyowa, zitsulo ziwirizo zimadyana, pozungulira bawuti n'kuyamba kutuwa ndi kufumbutuka. Ndinanyamula panelo la aluminiyamu ndi dzanja limodzi. Ndinaligogoda ndi kiyi, kulira kwake kopepuka. Kuchokera pamsewu, litapakidwa utoto, sindikanalisiyanitsa ndi lachitsulo, ndipo amene anganene kuti angathe ndikufuna ndimuone.

Tinachezanso za kuwotcherera. Chitsulo chothira chili ndi kaboni wambiri, n'chifukwa chake chimayenda bwino m'chikombole koma sichipindika, chimangothyoka. Kuchiwotcherera ndi ndodo wamba ndi kudzinamiza, chimang'aluka pambali pa chipsera chikamazizira. Pamafunika ndodo za nikelo, kuchitenthetsa chonse kaye, kuwotcherera pang'onopang'ono, kenako kuchikwirira mumchenga kuti chizizire mosathamanga. Nditanena kuti kwathu ndimakwirira m'phulusa lotentha, bamboyo anagwedeza mutu kuti n'chimodzimodzi. Chimene anandichenjeza ndi utoto wakale. Muli mtovu, ndipo kuupala ndi makina popanda chotchinga kumphuno ndi kudzipha pang'onopang'ono.

Ndinafunsa za nkhani imene ndinaimva kwa woyendetsa takisi, yoti maluwa onsewa ankabwera pansi pa zombo ngati katundu wongolemeretsa chombo. Anaseka. Chinthu chothyoka msanga chotere sungachiponye pansi pa chombo. Chimene chinkabwera motero ndi zigumu za chitsulo chosayenga bwino, zimene mafakitale akuno ankasungunula. Maluwa oyambirira ankaitanitsidwadi ku Britain, ndipo fakitale ya Walter Macfarlane ya Saracen ku Glasgow inkatumiza katundu wake kumayiko ambiri, koma pa nthawi ya chipwirikiti chomanga chija ambiri ankathiridwa konkuno. Glasgow yomweyo ndi imene kunachokera kampani ya African Lakes imene inamanga nyumba ya Mandala ku Blantyre mu 1882.

Lachisanu, Ballarat

Sitima yochokera pa Southern Cross imatenga pafupifupi ola ndi theka. Ukangotuluka pa siteshoni uli kale mu Lydiard Street, ndipo msewu umenewu ndi umene wandikhutiritsa kuposa yonse. George Hotel ili ndi khonde la nsanjika zitatu, lililonse ndi maluwa ake, lotambalala mpaka pamwamba pa njira ya oyenda pansi. Dzuwa linali loswa mtengo, mphepo yotentha ikuchokera kumpoto, ndipo nditalowa pansi pa khondelo thupi linamva kusiyana nthawi yomweyo. Apa m'pamene ndinaona kuti mabowo aja si okongoletsa chabe. Mzere wa pansi pa denga umadula dzuwa lopendekeka, koma mpweya umadutsa. Khoma la njerwa likanatchinga zonse ziwiri.

Ballarat ndi tauni ya golide. Kuno n'kumene okumba golide anaukira boma pa nkhani ya ziphaso zokumbira mu December 1854, pa malo otchedwa Eureka. Golide wapamwamba atatha anthu anayamba kukumba mozama, ndipo migodi yozama imafuna mapampu, mainjini ndi makina ophwanyira miyala. Mafakitale othira zitsulo anabadwira pamenepo. Ina mwa iwo, Phoenix Foundry, inafika popanga mitu ya sitima zapamtunda. Tauni imene ili ndi ng'anjo ndi amisiri odziwa mchenga, kuthira tsamba la khonde ndi ntchito yopumira.

Masana tinalowa ku Sovereign Hill, kumene anamanganso tauni ya m'zaka za m'ma 1850 kuti alendo aone. Amasungunula golide anthu akuonerera n'kumuthira m'kachikombole. Anzanga ankayang'ana golideyo, ine ndinkayang'ana mbaniro ndi mmene mnyamatayo amapendeketsera mphika.

Pa zikwangwani zambiri kuno amalemba kuti dziko ili ndi la anthu a mtundu wa Wadawurrung, ndipo ku Melbourne amatchula a Wurundjeri. Golide anatuluka m'nthaka yawo, makonde anamangidwa, iwo anakankhidwira kutali. Ndayenda tsiku lonse pansi pa makonde amenewa ndikusirira, koma mawu a pa zikwangwanizo sanandichoke m'mutu.

Loweruka, Fitzroy

Mvula ndi kuzizira, dzulo lomweli tikupsa. Tinangozungulira pafupi. Ku Fitzroy, pakati pa timisewu ta makonde, pali zinyumba zazitali zakonkire za Atherton Gardens zimene boma linamanga m'zaka za m'ma 1960 litagumula nyumba zakale ponena kuti ndi zisakasa. Zimene zinapulumuka lero ndi za anthu a ndalama. Ndinaonanso nyumba zingapo zimene Ataliyana ndi Agiriki obwera nkhondo yachiwiri itatha anazichotsa maluwa n'kuikapo nsanamira zakonkire. Sindiwaweruza. Anagula nyumba zotsika mtengo zodontha, chitsulo chitadyeka, ndipo anakonza ndi zimene ankadziwa. Lero zambiri mwa nyumbazi zili pansi pa malamulo oteteza zakale, ndipo kusintha khonde kumafuna chilolezo cha khonsolo.

Lamulungu, m'sitima

Melbourne mpaka Sydney pa sitima yamasana ndi maola pafupifupi 11. Nkhosa, udzu wouma, mitengo ya bulugamu, nkhosa zina. Mwana wanga anafuna ndege, ine ndinakakamira sitima, ndipo kuyambira ku Albury sanandilankhule kwenikweni.

Lolemba, Paddington, Sydney

Paddington ndi wa zitunda. Mizere ya nyumba imatsika phiri ngati masitepe, khonde lililonse lotsikirapo pang'ono kuposa la mnzake, ndipo ukaima pamwamba umaona maluwa akutsetsereka mpaka kumunsi. Pa mphambano ya Five Ways pali Royal Hotel ya 1888, khonde lake lozungulira ngodya. Tinadya pamwamba pake.

Pali kusiyana kumene ndinakuona ndisanauzidwe. Ku Melbourne nsanamira zambiri n'zobulungira ngati paipi. Kuno zambiri n'zafulati, zoboolaboola, nsanamira yomwe ili lesi. Ndinasakasakanso zitsanzo za zinthu zakonkuno, poti amisiri ena atatopa ndi mphesa ndi maluwa a ku Ulaya anayamba kusema zomera za m'nkhalango zawo, makamaka masamba a fern, chomera cha masamba onga nthenga, mpaka mbalame. Masamba a fern ndinawapeza pa makonde angapo.

Dera limeneli nalonso linatsala pang'ono kupita. Linasanduka la osauka, mapulani ogumula analipo, mpaka anthu okhalamo anapanga bungwe la Paddington Society mu 1964 kuti alitchinjirize. Kumadera ena a Sydney, monga The Rocks, amene anaimitsa zigumulo m'zaka za m'ma 1970 anali antchito omanga eni ake, motsogozedwa ndi Jack Mundey. Bungwe lawo linkangokana kugwira ntchito yogwetsa. Zimenezi zandisangalatsa kuposa nkhani ya dokotala uja, poti awa ankakana malipiro awo omwe.

Mphepo ya kunyanja kuno ili ndi mchere ndipo dzimbiri silichita ulesi. Panyumba ina tinapeza amisiri awiri atatsitsa mapanelo onse, atawandandalika pansi ndi manambala a choko. Ndinaima kuonerera mpaka mmodzi anandiitana. Dzimbiri siliyambira pa duwa, limayambira pamene chitsulo chakhudza thabwa ndi m'mabowo a mabawuti, momwe madzi amagona. Likatupa limang'amba khutu la panelo. Anandiuzanso za vuto la msinkhu. Malamulo omangira a masiku ano amafuna chotchinga cha khonde lam'mwamba chifike mita imodzi, ndipo mpata uliwonse usapitirire mamilimita 125 kuti mutu wa mwana usadutse. Mapanelo akale ambiri ndi aafupi, ndiye pokonza amawakweza powonjezera mtanda pansi kapena kapaipi pamwamba. Ena amachita mwaluso osaoneka, ena ukangoyang'ana umadziwa kuti panadutsa munthu wofulumira.

Madzulo mwana wanga anandifunsa ngati ndikaziyese kwathu. Othira mapoto tili nawo, osema matabwa aluso tili nawo, mchenga ndi dongo sitigula. Chondikayikitsa ndi china. Aluminiyamu wopachika panja pa khonde, womanga ndi mabawuti anayi, m'tauni imene anthu amazula ngakhale zivundikiro za ngalande kukagulitsa pa sikelo, angagone masiku angati? Ndipo kasitomala wanga akabwera amafunsa kaye ngati mbava ingapinde chitsulocho, za maluwa zimabwera pambuyo. Mwina poyambira ndi tizidutswa ta pangodya tokha, tokwera pamwamba pomwe dzanja silifika, tomanga ndi mabawuti ofafaniza mitu. Ndagula kamodzi kakang'ono kwa ogulitsa zakale kuti ndikaonetse anzanga a mapoto, tikaone ngati mchenga wathu ungagwire mitsempha ya tsamba.

Anyamata a kushopu, ndikudziwa mukuwerenga. Chithunzi cha geti la ku Chilomoni chimene mwanditumizira ndachiona. Mahinjesi mwaika awiri, ndinati atatu, ndipo musapake utoto musanapale dzimbiri la m'munsimo. Ndifika Lachisanu.